Tinkalankhulana Kudzera pa Chitseko cha Galimoto

Mwana wanga anayamba kuimba mluzu m'chifuwa asanakwanitse chaka. Ndikamugoneka ndinkaika khutu pamsana pake kumvetsera kamluzu kaja, ndipo kakasiya ndinkachitanso mantha kuti kasiyiranji. Ndimo ndilili ine. Anamwino a kukiliniki anati ndi mphumu. Anatipatsa kabotolo kopopera mkamwa, anati tizibwera naye mwezi uliwonse, kenako anandiloza ndi cholembera: "Amayi, fumbi ndi utsi ayi. Mwamva?" Ndinavomera, koma mumtima ndinkafunsa kuti ndiye ndimutengere kuti mwanayu. Timakhala pakomboni ya pulazi la fodya kufupi ndi Raffingora. Kumapeto kwa dzinja mabani owotchera fodya amafuka, chilimwe chikafika umafuka ndi msewu.

Galimoto imene inkatitengera kukiliniki ndi ya apongozi anga, bambo ake a mwamuna wanga. Mwamuna wangayo ali kumigodi cha ku Beatrice, amabwera mwa apo ndi apo. Galimotoyo ndi yaikulu kwa ine pa zaka. Akuti inali yoyera pamene apongozi ankaigula kwa manijala wina amene ankachoka papulazi, koma ine ndinaipeza ili ndi mtundu wa msewu wathu. Injini inali bwino, apongozi sailola kudwala. Vuto linali malabala a m'mphepete mwa zitseko. Anali atauma gwa, ena atathothokeratu, moti ukakhala m'kati unkaona kuwala kwa panja m'mipata. Tikadutsana ndi lole, fumbi lofiira linkalowa n'kumayandama m'galimoto yotseka mawindo. Ndinkamufunditsa mwana zambiya yonyowa, nsalu yanga yomweyi ya m'chiuno. Pofika, nsalu ili matope, mwana akutsokomola mpaka kusanza. Ulendo wokatenga mankhwala a chifuwa ndi umene unkamudwalitsa chifuwa.

Tsono pali nkhani ya upongozi. Agogo ake a mwamuna wanga anachokera ku Malawi, ndipo zambiri zinatayika m'njira, koma mwambo uwu banja lino linaugwiritsa. Mtengwa sakhala pafupi ndi apongozi ake aamuna, sawapatsira chinthu m'manja, sawayang'ana kumaso. Tikakumana m'kanjira ka kumpopi, ine ndimapatuka n'kugwada, iwo amayang'ana kumbali akuwomba m'manja. M'galimoto ndinkakhala kumbuyo kumanzere, kutali ndi chiwongolero, ndipo mlamu wanga, mchemwali wa mwamuna wanga, ankakhala kutsogolo kuti mawu azidutsira mwa iye. Ndili ndi setifiketi ya uphunzitsi wa ana aang'ono, ndimatha kuimirira pamaso pa makolo a ana n'kulankhula osanjenjemera. Koma pamaso pa apongozi lilime limalemera. Mwambowu sindiuda ayi. Kungoti unandipanikiza pamene ndinali ndi choti ndinene.

Ndinaonera pafoni anthu akusintha malabala a zitseko, ndinabwerezabwereza mpaka data inatha. Madzulo ena apongozi ali khale pansi pa mtengo wa mango, ndinaitana mlamu.

"Alamu, tawauzani abambo kuti fumbi likulowera pa malabala. Akuti amasinthika."

Mlamu wangayo pakamwa pake salonda. Anatembenuka n'kukuwa, ngati apongozi ali kutsidya la mtsinje: "Baba, muroora wanu, mtengwa wanuyu, akuti galimoto yanu ndi sefa!"

"Sindinatero ine!"

Apongozi anapitiriza kupichira fodya wawo m'kapepala. "Umuuze kuti sananame," anatero.

Patapita masiku anapita ku Chinhoyi, kumene amaphwasula magalimoto owonongeka, n'kubwera atakoleka malabala paphewa ndi kachitini ka guluu m'thumba. Sanali atsopano, koma anali ofewa, ukawatsina amabwerera.

Tinayamba Loweruka m'mawa, mwana nditamusiya ndi apongozi aakazi m'nyumba. Malabala akale ankaduka m'manja ngati mabisiketi. Guluu wakale tinkamupala ndi supuni yothyoka n'kupukuta ndi parafini, mpaka chitsulo chikhale mbee. Apongozi anamasula zikuto za m'kati mwa zitseko, ndipo kuseri kwake tinapeza pulasitiki itang'ambika, fumbi la zaka ndi zaka litadzaza ngati nkhokwe. Tinasesa, tinadula pulasitiki yokhuthala ya m'kati mwa matumba a feteleza imene ndinali nditaichapa bwino, n'kumata m'malo mwa yakale ija. M'mabowo aakulu tinatsendera siponji ya matiresi akale.

Guluu uja ali ndi khalidwe lake. Umamupaka pachitsulo ndi palabala, n'kudikira kuti ayambe kunanda, ndipo zikangokhudzana zagwirana, palibenso zokonza. Ndiye pamafunika anthu awiri: wina agwirire labala m'mwamba kuti asakhudze pena paliponse, wina azikanikiza pang'onopang'ono. Chitseko choyamba anachita apongozi ndi mlamu, ine ndikupereka malangizo chapatali, mlamu akudandaula kuti zikhadabo zake zatha. Titangopaka guluu pa chachiwiri, foni ya mlamu inalira. Kunali maliro papulazi loyandikana nalo, amayi a kumpingo ankamufuna kukaphika.

"Ine ndapita. Muonana awiri."

"Alamu, musanditero."

"Munaonera vidiyo ndinu, maiguru, akazi a achimwene, si ine." Anapukuta manja pa siketi yanga n'kumapita akuseka.

Tinatsala chiimire, galimoto ili pakati pathu. Guluu ankauma. Ndinkaona kuti akuuma, iwonso ankaona. Ndinaganiza zothamangira kukaitana apongozi aakazi, koma ndiye mwana atsala ndi yani, ndipo fungo la guluu silinali loti ayandikire. Apongozi anatsokomola, anayang'ana chitseko, n'kulankhula nacho.

"Chitseko iwe, ukufuna munthu woti akugwirire labala pamwambapa. Guluu sadikira."

Ndinayang'ana chitseko chija. Kenako ndinalowa m'galimoto, ndinagwira labala uja, ndinati, "Chitseko, uwauze kuti ndagwira."

Tinagwira ntchito choncho mpaka dzuwa kupendeka, iwo panja, ine m'kati, aliyense maso pachitsulo. "Chitseko, pakona apa pakupindika." "Chitseko, uwauze asakoke kwambiri, labala akakokedwa amadzabwerera n'kusiya mpata." "Chitseko chamva." Aka kanali koyamba kuona manja awo pafupi. Ali ndi zipsera zoyera za mapaipi otentha a m'mabani, kumene agwira ntchito moyo wawo wonse. Chala chawo chachikulu chinkayenda palabala mofatsa ngati akusisita mwana. Pena zala zathu zinatsala pang'ono kugundana, tonse tinabweza, labala n'kulendewera, ndipo ndinamva akuseka chapansipansi.

Titamaliza, zitseko zinayamba kutseka ndi mawu ena. Kale zinkalira ngati chidebe, tsopano zinkangoti dii. Ndinatenga kapepala kuti ndiyese monga ndinaonera pafoni, kutsekera pepala pachitseko n'kulikoka. Linkakana kutuluka. Ndinasangalala. Koma apongozi sanakhutire.

"Chitseko, ife kubani sitiyesa ndi pepala. Bani likamataya moto timayang'ana pamene utsi ukutulukira."

Anatenga chitini, anaikamo makala amoto, chiguduli cha saka, ndi zinyenyeswa za fodya zodzaza dzanja, chifukwa akuti utsi wake ndi wokhuthala, umaoneka bwino. Ine mtima unakana pomwepo. Ndinati ndi kamawu kakang'ono, "Chitseko, nanga fungo?" Anati, "Utsi umatuluka, ndipo mwana ali kutali." Chitseko ungachiuze kuti gwira apa, koma kutsutsana ndi munthu wamkulu kudzera pa chitseko ndinalephera.

Anaika chitini m'kati mwa galimoto, pansi, pamwamba pa njerwa, n'kutseka. Mawindo anayera. Tinazungulira tikuyang'ana, iwo mbali iyi, ine mbali inayo. Kwa kanthawi sipanaoneke kanthu. Kenako ndinaona kautsi kowonda ngati ulusi kakutuluka m'munsi mwa chitseko cha kumbuyo kumanzere, pomwe ndimakhala ndi mwana. Dzimbiri linali litaboola chitsulo kunsi, pamalo oti pepala langa silikanafika. Tinatseka bowolo ndi chidutswa cha chubu cha thirakitala. Pamenepo ndinayamikadi utsi uja.

M'mawa mwake ndinatsegula galimoto, ngakhale inagona mawindo ali otsegula, ndipo fungo linandimenya kumaso. Mipando yake ndi yansalu, inali itamwa utsi wonse. Ndinakhalamo pang'ono kuti ndione ngati n'zopiririka. Nditabwerera m'nyumba n'kunyamula mwana, anayamba kutsokomola ndi fungo la pa bulauzi yanga chabe. Ndinavula msanga, ndinamupopera mankhwala, ndipo m'manja mwanga kabotolo kanali katapepuka. Tsiku la kukiliniki linali m'sabata yomweyo. Popanda galimoto iyi, njira inali lole ya pulazi, kumbuyo kopanda denga, pamsewu womwewo.

Mlamu anali adakali kumaliro. Apongozi aakazi anangoti, "Abambo ako sauzidwa za galimoto yawo." Ndinazungulira nyumba mwana ali kumsana, ndikumvetsera kamluzu. Kenako ndinamutsitsa, ndinapita kumtengo wa mango. Apongozi anali pampando wawo akupichira fodya. Galimoto inali kutali, panalibe chitseko choti ndilankhule nacho. Ndinagwada.

"Bambo."

Anayang'ana uku ndi uku kuti aone amene akuitanidwa.

"Bambo, mwana sangakwere mmene muja. Watsokomola ndi fungo la pa malaya anga okha. Mankhwala akutha." Ndinali ndikuwayang'ana kumaso, ndipo misozi inkatsika, sindinathe kuibweza. Ndinkayembekezera kuti adzuka n'kuchoka, ndipo madzulo nkhani ifika kwa mwamuna wanga kuti mkazi wako wa kukoleji alibe mwambo.

Sanadzuke. Anayang'ana ndudu ija, n'kuiika m'thumba la shati osaiyatsa.

"Mwanena zoona, mwana wanga. Ine ndimaganiza za bani. Bani silitsokomola."

Tsiku lomwelo anamasula mipando yonse n'kuitulutsa. Anaichapa okha ndi sopo wa ufa ndi burashi, sanalole kuti ndigwireko, anati manja anga ndi onyamulira mwana. Denga la m'kati analipukuta ndi viniga, anaika mbale za makala osayaka pansi kuti azikoka fungo, zitseko zonse zili yasa padzuwa. Nkhuku zinayamba kulowamo. Anthu opita kumunda ankaima n'kufunsa apongozi, amene kuno amawatcha Sekuru, ndiye kuti agogo.

"Sekuru, mwatsegula sitolo ya mipando?"

"Ndikugulitsa kwa anthu okhala ndi ndalama. Iwe pita."

Mlamu atabwera anaima manja m'chiuno. "Ndangochoka pang'ono, galimoto mwaisandutsa khola? Ndiye mumalankhulana bwanji anthu inu?"

M'mawa uliwonse apongozi ankandiitana okha, osatuma munthu. "Mphuno yanga inafera kumabani. Bwerani mununkhize." Ndinkalowetsa mutu, kununkhiza mipando, denga, ngakhale malamba. Tsiku loyamba ndinati fungo lilipo. Lachiwiri lake ndinatinso lilipo, ndikuopa kuti atopa nane. Ankangogwedeza mutu n'kukatunga madzi ena. Dzulo lake la ulendo wa kukiliniki ndinanunkhiza n'kumva sopo yekha ndi dzuwa. Ndinabwerezanso chifukwa sindinadzikhulupirire. Ndinati, "Latha, bambo." Anabwezera mipando.

Zambiya yonyowa ndinaitengabe, sindiname. Ndinakhala pamalo panga kumbuyo kumanzere, mwana pamiyendo, mlamu kutsogolo. Titadutsa mabani ndinaona lole ikubwera, fumbi lili m'mbuyo mwake ngati phiri. Ndinagwira nsalu ija, koma sindinamufunditse. Lole inadutsa, kunja kunafiira, timiyala tinawomba pagalasi. Ndinayang'ana pamene dzuwa linkalowera pawindo n'kugwera pa bondo langa, pamene kale fumbi linkavinira. Munalibe kanthu. Mwana anali m'tulo, kukamwa kuli yasa. Ndinaika khutu pamsana pake ndipo ndinangomva mpweya ukulowa ndi kutuluka.

Kukiliniki anamwino anamumvetsera m'chifuwa, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kundiyang'ana. "Lero mwabwera pandege, amayi?" Anatipatsa kabotolo katsopano. Zambiya ija ndinapukutira nkhope yanga.

Pobwerera mlamu anagona, mutu uli pagalasi. Ndinagogoda pang'ono pa chitseko cha pambali panga.

"Chitseko, uwauze abambo kuti zikomo."

Apongozi sanachotse maso pamsewu. "Chitsekocho tinachimata, sichidutsanso kanthu. Nenani nokha."

"Zikomo, bambo."

"Zikomo ndinu, mayi. Ali bwanji mwanayo?"

Ndinamvetseranso pamsana pake ndisanayankhe. "Akupuma."

Mpaka pano tikakumana m'kanjira ka kumpopi ndimapatuka n'kugwada, iwo amayang'ana kumbali. Koma kuyambira tsiku limenelo fodya wawo amasutira kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo mwezi ukatha, tisananyamuke, amayendetsa chala pa malabala onse, kenako amandiitana kuti ndinunkhize.