Inês ndi Gulu la Mchenga Wotentha

Inês Chapita anabadwira ku Kavalamanja, m'banja la asodzi lomwe linawoloka kuchokera ku Zumbo iye asanabadwe. Gitala anaphunzirira kutchalitchi, koma nyimbo za kwaya zinkamuchepera. Ankafuna gitala lolira mwaukali, longa lomwe anamva pa foni ya msuweni wake Dennis, wokonza mawailesi ku Feira.

Dennis anapeza gitala lamagetsi lakale, nalipangira sipika kuchokera ku wailesi yakufa. Mnzawo Yotam wa ku Mburuma ankabwera pa njinga atamangirira ng'oma zake za zikopa za mbuzi. Ankajambula nyimbo m'kachipinda kosungiramo maukonde, makoma atawatchinga ndi mphasa, m'mamawa ndithu, poti masana foni inkazima yokha chifukwa cha kutentha. Gulu lawo analitcha Mchenga Wotentha.

Nyimbozo, zomwe ankaimba m'Chikunda, chilankhulo cha kwawo, zinayenda zokha. Amalonda ankazikopera m'mafoni n'kuwoloka nazo ku Zumbo ndi ku Kanyemba, oyendetsa malole n'kuzifikitsa ku Lusaka. Kenaka mwini situdiyo wina wa mumzindawo anawaitana. Atawamvetsera anati, "Gitala mumalitha, mayi. Koma Chikunda ichi chichotseni. Imbani m'Chingerezi kuti anthu amve."

"Anthu amene anakuuzani za ife anamva Chikunda chomwechi, bambo," anayankha Inês, uku akukulunga gitala m'chitenje.

Anabwerera kwawo osajambula kanthu. Dennis anakwiya, ndipo kwa nthawi ndithu sankamulankhula. Inês naye mtima unkamuwawa, koma sanapite kukapepesa. Anapeka nyimbo yonena za mlamu wake amene anagwidwa ndi ng'ona akuonjola maukonde, n'kuiimba yekha pakhonde. Dennis ataimva anangobwera ndi zingwe zake zamagetsi, nayamba kulumikiza gitala ku sipika.

Nyimbo imeneyo ndiyo inawatsegulira njira. Wailesi ina inaiulutsa, ndipo chaka chotsatira anaitanidwa ku chikondwerero cha oimba ku Lusaka. Inês atafika pakati pa nyimbo anasiya kuimba, chifukwa khamu lonse linali likuimba m'malo mwake, anthu oti mtsinje wa Zambezi sanausambepo. Anangoima n'kumamenya gitala, misozi ili mbwembwembwe.

Lero Inês akali ku Kavalamanja, ndipo gululi latulutsa zimbale zitatu. Ofuna kuwaitana amadziwa kuti mvula ikagwa Mchenga Wotentha suyenda, onse amakhala ali kumunda mpaka atakolola.