Kukapempha Manda Kuseri kwa Milanje

Tinanyamuka pa Migowi sikisi koloko m'mawa, ine ndi amayi anga, titanyamula shuga, sopo ndi zitenje ziwiri za mphatso. Ulendowu sunali wanga. Chimwalirireni bambo, amayi sankandipatsa mpata wopuma. Ankafuna kukapempha malo kumanda a makolo awo ku Mozambique, kuseri kwa Milanje, kumene amayi awo anachokera ali kamtsikana. "Ndikadzafa mudzandipititse kwathu," ankatero tsiku ndi tsiku, chonsecho kwawoko anali asanapondeko chibadwire.

Minibasi ya ku Chiringa inatidya K2,500 aliyense. Inali ya anthu khumi ndi asanu, koma tinalimo makumi awiri, kuphatikiza mbuzi imene inandipumira m'khosi njira yonse. Pa Chiringa tinadikira maola awiri mpaka tinapeza lole ya nandolo yopita ku Muloza, K6,000 munthu mmodzi. Amayi anawaika kutsogolo, ine pamwamba pa matumba. Msewu umenewo sindingaufunire ngakhale mdani wanga. Pofika pachipata cha m'malire pa Muloza nthawi ya nkhomaliro, fumbi linali litandisandutsa nkhalamba kuposa amayi.

Tinadinditsa mapepala, n'kusintha makwacha athu kukhala mametikashi. Titangowoloka, amayi anakonza duku, n'kupatsa moni m'Chilomwe mayi wina wogulitsa mapau, buledi wa kumeneko uja wolimba kunja. Mayiyo anayankha m'Chichewa.

"Bwanji a Malawi, mutenga angati?"

"Mwatidziwa bwanji?" ndinafunsa.

"Aaa, inu simusowa. Ndalama yathu mumaitembenuza kawiri musanapereke. Ndiye munthu akakupondani phazi, zikomo mumanena ndinu."

Ine ndinaseka, koma amayi sanaseke. Anamuuza kuti iwo ndi mwana wa konkuno, magazi awo ndi a dothi lomweli. Mayiyo anangoti "eya, eya" uku akuwerengera wina mapau.

Kuchoka pa Milanje tinakwera galimoto yapamtunda, mametikashi 150 aliyense. Kondakitala sanavutike kufunsa mayina. "A Malawi awiri aja asunthe!" "A Malawi atsikira pa mango!" Kwathu ku Phalombe anzanga a ku ofesi, aja ochokera kuchigawo chapakati, amandiseka kuti ndine wa ku Mozambique ndikangotchula kalongonda, nyemba za ife Alomwe zija. Ndinali nditayenda tsiku lathunthu kuti ndidzamve kuti ndine Mmalawi. Ndinatopa nazo, osati m'miyendo mokha.

Tinafika cha m'ma folo koloko. Anatilandira atsibweni, a Alubeto, mwana wa mng'ono wawo wa agogo anga. Nthawi ya nkhondo anathawira kwathu ku Migowi n'kukhala nafe zaka zingapo, ndiye Chichewa amachidziwa. Atawaona amayi, atsibweniwo anagwetsa khasu.

"Achemwali! Mwabweradi?"

Anakumbatirana, onse misozi. Apo ndinati ulendo waphula kanthu.

Kenaka anatulutsa mipando iwiri ya pulasitiki. Amayi anati akhala pamphasa ndi azimayi anzawo, koma anthu anakana kwamtuwagalu. Posakhalitsa tinamva nkhuku ikulira kuseri. Amayi ananyamuka kuti akathandize kusosola, alamu awo n'kuwabweza pakhomo la khitchini. Anatola chidebe kuti akatunge madzi, anawalanda. Anagwira tsache, nalonso anawalanda mwaulemu, akuseka. "Alendo a ku Malawi agwire tsache? Anthu atiseka!"

Chakudya anatiikira m'nyumba, patebulo: mpunga, nkhuku, masupuni awiri onyezimira, n'kutitsekera chitseko kuti tidye momasuka. Panja banja lonse linazungulira beseni la kalongonda ndi makaka a chinangwa, akulandana mawu m'kamwa, akuseka. Amayi anadya ntchafu theka, maso ali pawindo. Ine njala inali itandipha, ndinadya osayang'ana kumbali, ndipo manyazi ndinachita pambuyo.

M'mawa mwake amayi ananena chimene tinabwerera. Atsibweni anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Zimenezo ndiye zovuta, achemwali? Inu munatisunga ife pa nkhondo. Malo alipo, tiyeni mukaone."

Anatitengera kumanda, pansi pa mitengo ya masuku. Anatisonyeza pamene anagona agogo awo a amayi, pamene anagona azakhali, mzere wonse wa mbumba. Amayi anaima pamenepo nthawi yaitali, manja kumbuyo. Koma atsibweni anapitirira mpaka kumalire, kufupi ndi njira, kumene kunali mitumbira itatu yokha.

"Mbali ino ndi ya alendo athu," anatero mokondwa. "Apa pali mphunzitsi wina wa kutali, apa mkamwini. Inu tidzakuikani apa pamthunzi. Sitidzakutayani ayi."

Sananene mwachipongwe, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri. Munthuyo ankapereka zabwino zonse zimene anali nazo. Amayi anawomba m'manja, nathokoza monga mwa mwambo.

Tsiku lotsatira tinalawirira ulendo wobwerera mpaka pa Muloza. Wa pachipata wa mbali yathu anayang'ana mapepala n'kuti, "Mwabwerako, agogo? Takulandirani." Amayi anangoti "mmm." Lole ya ku Chiringa tinaipeza mochedwa, ndipo pa Migowi tinafika dzuwa litapendeka, miyendo itatupa, m'chikwama mutatsala mapau awiri ouma.

Tisanalowe n'komwe m'nyumba, a Nasimango oyandikana nafe anakuwa ali kuseri kwa mpanda: "Anaphiri, mwabwera? Mbuzi zanu zandithera chinangwa! Ndiye mawa ndi tsiku lathu losesa kutchalitchi, musanamizire kutopa!"

Amayi anakhala pakhonde n'kuvula nsapato pang'onopang'ono. Ndinkadikira kuti alire. M'malo mwake anandiyang'ana, nati:

"Esinati, ukauze achimwene ako kuti pambali pa bambo ako pasaikidwe munthu wina. Ndidzagona kuno, kumene amandikalipira."