Minda Imene Kompyuta Sinaione

Aphunzitsi a Mbewe, lero chakwana chaka chitisiyireni, ndipo mtima wanga uli pa Loweruka lija m'kalasi mwanu ku Khombedza. Ndinali nditangochoka ku yunivesite, phuma lili thoo, ndikufuna kuonetsa komiti ya sikimu ya ulimi wothirira ya ku Chinguluwe kuti kope lawo logawira madzi latha ntchito. Ndinalemba pulogalamu ya pakompyuta yosaka minda yodumphidwa pothirira. Mndandanda wa mindayo ndinayamba ndaukongoletsa ndi mizere ndi mabokosi, kenako ndinauza kompyuta kuti isakemo. Inayankha kuti palibe munda wodumphidwa. Ine ndiye kunyamula chikwama, wa kumsonkhano.

Inu munati, "Taima kaye, Chisomo. Mpunga wa mayi Asiyatu ukufota, ndadutsako dzulo. Akunama ndani, mpunga kapena makina akowo?" Munakoka mpando n'kuloza pa sikirini ndi choko. Pulogalamuyo inkasaka mndandanda wamba, koma ine ndinaipatsa wokutidwa ndi zokongoletsa, ndiye sinauzindikire, komanso sinadandaule. "Iwerenge zinthu zisanavale," munatero. "Suti uziziveka potuluka." Nditachotsa zokongoletsazo panatuluka minda inayi, wa mayi Asiyatu uli pamwamba.

Ndinathamangira minibasi osakuthokozani, ndikuti ndibweranso Lamulungu, kenako ntchito ya ku Lilongwe inanditenga. Madzi anafika m'minda ija sabata yomweyo. Ine ndi amene sindinafike. Zikomo, aphunzitsi, ngakhale ndachedwa naye. Usani mumtendere.