Nyumba Yanga Itaphuka Masamba

Ndili mnyamata ndinkakhulupirira kuti mtengo ukaudula, basi wafa. Sukulu ndinailekera panjira, koma ichi chokha ndinkati ndikuchidziwa bwino.

Nditakwatira ku Shikabeta ndinakakhala kwawo kwa mkazi, monga mkamwini aliyense. Apongozi aamuna anandionetsa malo pafupi ndi chulu. Mawu anatumiza kudzera mwa mlamu wanga: mwana wawo azigonabe kwa amake mpaka nyumba yanga itaima ndi kupirira mvula yoyamba. Nthawi imeneyo kunalibe mabuloko ndi malata amene adzukulu anga amakweza pa lole ku Rufunsa. Nyumba inali nsichi zoimika m'maenje, timitengo topingasa, luzi lomangira, dothi la pachulu ndi udzu.

Anzanga ankapita kumapiri kukadula muwanga, mtengo wolimba wobunthitsa nkhwangwa. Ine changu chinandigwira, pakuti mkazi wanga ndinkangomuonera patali akusinja. Kuseri kwa mudzi ndinapeza chiumbu, mitengo yowongoka bwino, yofewa ngati chinangwa. Kugwetsa, kusenza, kuimika, yaiwisi yomweyo, khungwa osasenda.

Mlamu wanga uja anafika, nakanda nsichi imodzi ndi chikhadabo.

"Alamu, mukumanga kapena mukubzala?"

"Ndikumanga. Nsanje basi, inu yanu munatha nayo chaka."

"Mangani, alamu, mangani," anatero, nachoka mapewa akugwedera.

Azimayi anaponda dothi namata khoma, ine ndinafolera. Mvula inagwa yamphamvu, nyumba osadontha ngakhale pang'ono. Ndinkayenda m'mudzimo chifuwa patsogolo, moni kupereka ndi kwa agalu omwe.

Sipanapite nthawi, pakhoma panatuluka kanthu kobiriwira. Ndinakathothola msangamsanga. Mawa lake tinatuluka tambiri, kunja ndi m'kati momwe. Nsichi zanga zinali zitagwira mizu! Pamene mphukira yaboola, dothi linkang'aluka. Ndiye mbuzi za mudzi wonse zinamva. Zinkaima ndi miyendo iwiri, kutsamira khoma, kudya nyumba yanga ine ndikuona, zibuma za dothi zikugwa. Ana akandiona ndi ndodo ankafuula kuti, "Thawani, eni dimba abwera!"

Apongozi anabwera okha kudzaona, mlamu wanga ali pambuyo pawo. Ndinakhala pansi chapatali, monga mwa ulemu. Anazungulira nyumbayo pang'onopang'ono, nathyola tsamba, naliyang'ana mbali zonse.

"Uwafunse alamu ako," anauza mlamu wangayo, "ngati tiziithirira, kapena mvula ikukwanira."

Mlamu wanga anagwa pansi ndi phwete. Apongozi sanaseke. Anati mvula nyumbayo yapirira ndithu, mawu awo sangawabweze, koma mwana wawo wamkazi sangamukakamize kugona m'tchire. Asankhe yekha: kulowa momwemo, kapena kudikira ndimange ina. Ina! Udzu wofolera unali usanakule n'komwe. Kumeneko kunali kudikira mpaka tikolole, ine ndikugona ndekha ndi masamba.

Tsiku lonse ndinakhala pakhonde, mbuzi osazithamangitsa. Kutada ndinamva mapazi. Anali mkazi wanga, mphasa pamutu, mtsuko m'manja. Analowa osaodira, nayang'ana ming'alu, nayang'ana nthambi imene inali italoza pamene panayenera kukhala pogona.

"Ndabwera," anatero. "Ming'aluyi ndimata ndine mawa. Koma inu muzigona kukhoma, kumene kuli masamba ambiriko, kuti mbuzi zikaboola ziyambe ndi inu."