Tsiku Limene Nyanja Inathawa ku Wales

Ndikukumbukira chilimwe chimene tinapita ku Wales, ine ndili kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Leeds ku England, m'kanyumba kothinana ndi tinzake ngati mano. Amami anali nesi pachipatala chachikulu, ndipo ndiwo anatsogola kubwera kuno. Ine ndi adadi tinachita kutsatira.

Adadi dziko lino silinawayanje. Kwathu ku Nkhotakota anali mlangizi wa zaulimi, munthu wa njinga yamoto, woti akamadutsa anthu ankaimika khasu n'kupereka moni. Kuno ankagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba, kusambitsa ndi kudyetsa, ndipo akaweruka ankangokhala pawindo jekete ili m'thupi, kuyang'ana mvula. Kuseka anasiya. M'mawa wina ndikumanga nsapato pamasitepe, ndinawamva kukhitchini akuuza amami kuti basi atopa, chikatha chilimwe agula tikiti abwerere kumudzi, ife titsale kuti mwana aphunzire. Ndinangomva ketulo ikuwira. Mtima unandiwawa kwambiri, koma ndinalibe womuuza, poti mwana samva za akuluakulu.

Holideyo anakonza ndi amami. Mnzawo wa kutchalitchi anawauza za kalavani ina, kanyumba ka matayala, yotchipa m'mphepete mwa nyanja. Ndikaganiza lero ndimaona kuti mayi anga ankayesa komaliza, kuti munthu wa kunyanja akaona madzi mwina mtima ukhala pansi.

Tinakwera sitima, kenako basi yokhotakhota m'mapiri odzaza nkhosa. Zikwangwani za m'njira zinali m'zilankhulo ziwiri, ndipo adadi atayesa kuwerenga dzina la mudzi wina lilime linawakana pakati. M'basimo azimayi awiri ankacheza mosalekeza, koma ife osatolapo kanthu. Adadi anatchera khutu, n'kugunyuza amami kuti azungu awatu sakulankhula Chingelezi. Zinawadabwitsa kuti nawonso ali ndi chilankhulo cha makolo awo, ndipo sachita nacho manyazi.

Mwini kalavaniyo anali mayi wachikulire wa tsitsi loyera mbuu, amene ngakhale galu wake ankamukalipira m'Chiwelishi. Anatilandira ndi timakeke tafulati ta mphesa zouma, tikadali totentha. Asanachoke anatichenjeza kuti nyanja ya kumeneko imachoka n'kubwerera mwaliwiro, choncho tisapite kutali pamchenga osafunsa. Adadi anathokoza mwaulemu wonse, manja pamodzi. Koma mayiyo atangotembenuka anatsonya, amvekere iwo anaphunzira kupalasa bwato asanadziwe kuvala kabudula, ndiye za madzi awaphunzitse ndani.

Kutacha tinapeza nyanja kulibe. Zoonadi, kulibe! Pamene dzulo lake panali mafunde panali mchenga wonyowa mpaka kutali, maboti atagona cham'mbali ngati ng'ombe zodwala. Adadi anagwira pakamwa. Anati nyanja ya kwathu itachita zoterezi mudzi wonse ungathamangire kutchalitchi ndi kumzikiti. Kenako anapinda buluku, akuti tiyeni tikaione kumene yabisala. Amami, thupi litatopa ndi mashifiti, anakana. Anakhala pamwala atafunda chitenje pamwamba pa jekete.

Tinayenda awiriwiri, nsapato zili m'manja. Mchengawo unali wozizira, wamizeremizere, wotekenya kumapazi. Mphepo inkanunkha mchere ndi ndere zowola, ndipo mbalame zoyera zinkalira pamwamba pathu ngati zikutinena. Ine ndinkatola tizigoba n'kumaika m'thumba la diresi. Ndiye adadi anayamba kulankhula. Anandiuza za bambo awo amene anali msodzi, za kusoka ukonde pansi pa mtengo, za tsiku limene anagwa m'bwato n'kutuluka atagwirabe chipewa. Mawu ambiri chotere ndinali ndisanawamve chibwerereni ku England. Ndinkayenda pang'onopang'ono dala kuti nkhani zisathe.

Tinafika pakamtunda ka mchenga pamene madzi ankayambira, n'kuima kuyang'ana kutsogolo. Apa ndi pamene nzeru za ku Nkhotakota zinatigwiritsa fuwa lamoto. Kwathu madzi ukawayang'ana kumaso, wathana nawo. Kuno anatizembera kumbuyo. Pamene ndinkatembenuka, pakati pa ife ndi kumtunda panali patadutsa mtsinje, ukukula tikuona. Kutali uko amami ankaoneka kachinthu kakang'ono, akukupiza chitenje m'mwamba.

Adadi sanataye nthawi. Anagwada n'kundiuza kuti ndikwere paphewa, ndigwire mutu zolimba. Analowa m'madzi. Madziwo anafika m'mawondo, kenako m'chiuno, kenako pachifuwa, mpaka mapazi anga anayamba kunyowa. Kuzizira kwake kunali kolasa m'mafupa, ndipo ndinkamva thupi lawo lonse likunjenjemera pansi panga. Sankalimbana ndi mkokomo wa madzi, ankayenda chopingasa, phazi lililonse likuyamba lafufuza pansi. Nsapato zanga zinapita, ndinaziona zikuyandama. Mantha atandikwana, zimene ndinasunga mumtima chilimwe chonse zinangotuluka zokha pamodzi ndi misozi.

"Adadi, mukapita ku Malawi azidzandinyamula ndani?"

Anaima pakati pa madzi pomwepo. Ndinangomva manja awo akufinya akakolo anga mpaka kuwawa, kenako anapitiriza kuyenda.

Kumtunda tinapeza bwalo la milandu litakhala kale. Amami ankalira uku akukalipa m'Chichewa, mayi wa kalavani uja atabwera ndi mabulangete akukalipa m'Chiwelishi, galu naye akuikapo ndemanga. Panalibe womasulira, koma adadi anamva zonse. Anaima pakati pawo madzi akuchucha, milomo itachita kuuma ndi kuzizira, munthu wopalasa bwato asanavale kabudula uja. Anayang'ana uyu, kuyang'ana uyo, kenako anaphulika kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi pamchenga, azimayi aja n'kusowa chochita, nawonso kuyamba kuseka.

Masana ake, titamwa tiyi wambiri ndi kutha timakeke tonse, anandiitana pakhomo la kalavani. Madzi anali atadzaza mpaka kumiyala, ali phee ngati sanalakwe kanthu. Anandipukuta mchenga kuseri kwa khutu ndi chala.

"Iwe Tadala, makutu akowa ndi aatali," anatero. "Dziko loti ngakhale nyanja imanama, ndingakusiyemo wekha?"

Nkhani ya tikiti sinamvekenso m'nyumba mwathu.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ndikamapita ndi ana anga kunyanja, foni imandiuza nthawi imene madzi achoke ndi imene abwerere, ndipo anawo amadziwa zimenezi kuposa ine. Agogo awo akawalankhula m'Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingelezi. Adadi anapuma ntchito ya okalamba ija iwonso atakalamba, msana utapindika ndi kunyamula anthu a eni. Bambo awo, msodzi uja, anamwalira iwo ali pashifiti, maliro anangowamvera pafoni. Anzawo amene ankagwira nawo ntchito ya ulangizi anakwezedwa, ena anamanga nyumba zawo m'mbali mwa nyanja, akudya chambo chawo mwamtendere. Ndili mwana ndinkangoti ndinapambana, adadi anga atsala. Pano ndakula, ndimadziwa zimene anataya chifukwa cha funso la kamwana kolira, ndipo zimandikhudza mpaka misozi. Koma iwo, zaka zonsezi, sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi.