Karinya Inkazimira Pakhomo pa Azakhali

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene bambo anagulitsa chigalimoto chawo chakale n'kukagula karinya yoyera ku Nampula. Kwathu ku Mandimba, galimoto yotsegula kumbuyo, yonyamula anthu ndi matumba pamodzi, timaitcha karinya. Yakale ija bambo ankaidziwa mpaka m'matumbo. Ikatsokomola panjira ankatsegula kutsogolo, kupukuta apa, kupotoza apo, khutu lili pafupi, basi ulendo n'kupitirira. Ngakhale nthawi yoti moto uthetheke m'injini ankaikonza ndi dzanja lawo, akumvetsera kaliridwe kake. Yatsopanoyi inalibe chopotoza. Atatsegula anapeza mawaya okhaokha ndi chivundikiro chakuda, ndipo wogulitsa anangowauza kuti zonse zimalamulidwa ndi kabokosi kotchedwa sentralina, asamakagwiregwire.

Bambo anali ndi mlongo wawo wamkulu, azakhali anga Abiti Jafali. Ankakhala okha m'mbali mwa msewu wa ku Cuamba, kupitirira mphambano ya ku Mitande, pamwamba pa chitunda chachitali. Anakwatiwa kawiri, amuna onse awiri anamwalira, ndipo mwana sanaberekepo. Mwana wawo ndinali ineyo. Tikatsekera sukulu ndinkathamangira kumeneko. Nyumba yawo inkamveka fungo la utsi ndi makaka, ndipo ndi iwo amene anandiboola makutu, akunditukwana mwachikondi kuti ndine wamantha ngati nkhuku.

Tsiku limene bambo anapita kukawaonetsa karinya, azakhali anaizungulira manja ali kumbuyo.

"Yusufu, galimoto yanji yosamveka ikamabwera? Ine ikundiopsa. Uziyenda nayo bwino."

Tonse tinaseka, iwonso anaseka.

Miyezi yoyamba inayenda bwinobwino. Zinayamba m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Tinanyamuka ku Mandimba titadzaza chimanga ndi anthu, ine ndili kutsogolo ndi bambo. Titangomaliza kukwera chitunda chija, nyumba ya azakhali ikuonekera, karinya inangoti zii. Sinatsokomole, sinadzigwedeze. Bambo anaona mafuta, gazolina analimo. Bateriya inali ndi mphamvu. Akapotoza kiyi injini inkazungulira ndithu, koma osagwira moto. Atatopa anati tiyeni tikamwe madzi kwa achemwali. Azakhali anayala mkeka, kutipatsa madzi ozizira a mumtsuko, tinacheza pang'ono. Titabwerera, bambo anangokhudza kiyi, karinya n'kulira ngati palibe chinachitika.

Sabata yotsatira zinatero. Yotsatirayonso zinatero, malo ake omwewo kapena kupitirira pang'ono. Poyamba inali nkhani yoseketsa, ankati galimotoyi ili ndi ulemu, siidutsa osapereka moni kwa akulu. Koma anthu okwera karinya ali ndi pakamwa. Wina anafunsa kuti bwanji pobwerera kuchokera ku Cuamba imadutsa osaima. Zoona zake n'zakuti pobwerera bambo ankanyamuka m'mamawa kukali kozizira, katundu ali wochepa, koma yankho limene linayenda linali lina: mayiyo sakufuna kuti katundu wa mlongo wake akafike kumsika. Nthawi zina inkazimira kwina, kutali ndi kwa azakhali, koma zimenezo palibe ankazisunga m'mutu. Mawu aja akuti uziyenda nayo bwino anafukulidwa, ndipo tsopano ankanenedwa ndi mawu otsika.

Bambo sanali munthu woipa, ndipo amene angandiuze zimenezo tikhoza kuyambana. Anali munthu amene moyo wake wonse galimoto ikafa ankadziwa chimene chaipha. Anasintha mavela onse, timapulagi tothetheka moto tija. Anatsuka thanki. Amakaniko a ku Mandimba anamasula zimene ankazidziwa n'kubwezera. Pamapeto pake bambo anapita kwa sing'anga wa kufupi ndi malire, ndipo iye anawauza kuti wamanga galimotoyo ndi munthu wa magazi awo, wamkazi, wopanda mwana. Sing'anga wake uti amene akanalephera kuombeza zimenezo, nkhani ili pakamwa pa Mandimba yense? Kuyambira tsiku limenelo anandiletsa kupita kwa azakhali.

Tsiku limene silichoka m'maso mwanga ndinakweranso nawo, kupita kukacheza kwa amalume ku Cuamba. Bambo analumbira kuti ngakhale izime, sapondako pakhomo paja. Inazimadi. Anthu anatsika n'kukhala m'mbali mwa msewu, fumbi lofiira lili m'nsidze, wina aliyense akupewa kuyang'ana kumtunda. Kunali duu, kumangomveka nyenje ndi kuthetheka kwa chitsulo chotentha. Bambo anayesa kiyi kambirimbiri, thukuta likuyenderera m'khosi. Tinakhala pamenepo nthawi ndithu.

Kenako ndinawaona azakhali akutsika ndi ndowa pamutu, chikho chili m'manja. Anali atamva kale zimene anthu ankanena, sindikayika. Koma kunali kotentha, ndipo pamsewu panali ana. Anatula ndowa n'kutunga madzi. Palibe anatambasula dzanja. Mayi wina anaphimba nkhope ya mwana wake ndi nsalu. Ine ndinaimirira, kulandira chikhocho n'kumwa, bambo akundiyang'ana ndi diso lofiira.

Azakhali anatsamira pa karinya ndi dzanja limodzi, poti miyendo inkawavuta.

"Tayesanso, Yusufu. Ana awa apsa ndi dzuwa."

Bambo anapotoza kiyi. Karinya inalira.

Ndinaona nkhope ya azakhali pamene injini inagwira moto. Anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono n'kuliyang'ana ngati si lawo. Mumtima mwanga ndinapempha Mulungu kuti izimenso, koma inkangolira bwinobwino. Anthu anakwera mwakachetechete, ndipo azakhali tinawasiya ataima pamsewu ndi ndowa yodzaza.

Abale anasonkhana pakhomo pathu sabata yomweyo, n'kuwaitanitsa azakhali kuti adzayankhe mlandu. Ana sitinkaloledwa pabwalo, koma ine ndinalowerera. Ndinanena kuti tsiku lina azakhali anali kumaliro ku Ngauma, karinya inazimabe pamalo paja, ndipo inadzuka yokha titangodikira. Bambo anandimenya mbama pamaso pa anthu onse. Anali asanandimenyepo chibadwire. Khutu linalira tsiku lonse, koma chimene chinandipweteka ndi kuseka kwa akuluakulu, akuti mwanayu amudyetsa kale.

Azakhali sanalire, sanalumbire. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, anakonza mpango wawo n'kuyang'ana bambo.

"Ndinakubereka kumsana iwe, amayi ali kumunda. Ukamva ludzu pakhomo panga ndizitani? Ngakhale ndikanadziwa kuti madziwo ndi mlandu, ndikanabweretsabe."

Abale anawauza kuti asamuke pamsewupo. Amati chibale ndi fupa, sichiola, koma ine ndinachiona chikuola masanasana. Patapita masiku tinamva kuti anyamula mtolo wawo kulowera kunyanja ya Amaramba, kumene kunali mnzawo wina woyanika nsomba. Sindinatsanzikane nawo.

Karinya sinasiye kuzima. Mukuganiza kuti anthu anachita manyazi? Ayi ndithu. Anati azakhali anakwirira mankhwala asanachoke. Anyamata anakumba pakhomo ponse, mpaka pansi pa mafuwa, anangopeza mapale ndi mizu ya chinangwa. Ine ndinkadutsa pamenepo ndili m'galimoto, chitseko chili pululu, udzu ukumera pakhonde, ndipo nthawi iliyonse injini ikazima ndinkayembekeza kuona munthu akutsika ndi ndowa.

Mvula itayandikira karinya inazima osadzukanso. Anaikoka ndi thirakitala mpaka ku Cuamba, ku ofisina ina kumene ankakonza magalimoto a mtundu watsopanowu. Bambo ananditenga, mwina pofuna kundipepesa za mbama ija. Makaniko wake anali bambo wachimakuwa wonenepa, wolankhula Chinyanja chothyokathyoka. Analumikiza kamakina kake pansi pa chiwongolero, kuwerenga, kenako analowa pansi pa galimoto n'kutuluka ndi kanthu kakuda kotalika ngati chala, kali ndi kamchira ka waya.

Anatifotokozera modekha. Anati m'injini muli gudumu la mano limene limazungulira, ndipo kanthuka, sensolo, kamakhala pafupi n'kumamva mano aja akamadutsa. Ndi kamene kamauza sentralina pamene injini yafika pakuzungulira kwake, kuti iyo idziwe nthawi yopopera gazolina ndi nthawi yothethetsa moto. Kakangokhala chete, sentralina siichita zongoganizira, imatseka zonse, mafuta ndi moto womwe. M'kati mwake muli kawaya kopyapyala ngati tsitsi. Kakakalamba, kamalekana kakatentha kwambiri, ndipo kakazizira kamagwirananso.

Bambo sanakhulupirire. Makanikoyo anakapukuta kanthuko, kukalumikiza ku kamakina koyezera, muvi n'kukwera. Anakaviika m'madzi otentha a tiyi wake, ndipo posakhalitsa muvi unagwa. Anakatulutsa, kukaika pamthunzi, akupitiriza kucheza za mitengo ya fodya. Titayang'ananso muvi unali utakwera.

"Katundu wambiri, dzuwa, chitunda chachitali, kamafa pamenepo," anatero. "Mukadikira kamadzuka."

"Kudikira nthawi yaitali bwanji?" anafunsa bambo.

"Yochepa. Kukhala pansi, kumwa madzi, kucheza pang'ono."

Bambo anagwira chitseko cha karinya. Anafunsa ndi mawu amene sindinawamvepo, ngati munthu angathe kukalodza kanthuko. Makanikoyo, amene sankadziwa chilichonse cha kwathu, anangoseka n'kunena kuti kakalamba basi, amasintha totere nthawi zonse. Anaikamo katsopano. Pobwerera, masana dzuwa lili pamutu, karinya sinazime mpaka kufika ku Mandimba.

M'mawa mwake tinapita ku Amaramba, bambo, mayi ndi ine. Tinayenda mudzi ndi mudzi m'mphepete mwa nyanja, pakati pa matandala a nsomba ndi ntchentche, tikufunsa za mayi wachikulire wotsimphina, wa mpango woyera. Anthu kumeneko ankawadziwa. Mnzawo uja anati anakhala naye pang'ono, koma mbiri inawatsatira ndi ogula nsomba ochokera kwathu, anthu anayamba kubisa ana, ndipo tsiku lina iye anadzuka n'kupeza mphasa yopindidwa, azakhali atapita. Msodzi wina anati anawaolotsa pabwato kupita tsidya la ku Malawi. Mayi wina anati ayi, anamva kuti anadwala n'kumwalira kumudzi wina wa kumwera, anaikidwa ndi anthu achifundo. Manda ake palibe anatha kutilozera. Bambo anakhala pamchenga, kuvula chipewa, n'kulira mokweza ngati mwana, asodzi akuyang'ana.

Bambo anawafunafuna zaka zambiri. Akamva za mayi wachilendo ku Chiponde kapena ku Entre Lagos, ankasiya ntchito n'kupita. Ankabwerako okha.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo ndimagulitsa zipangizo za galimoto ku Cuamba. Masensolo ali m'kabati yanga, ndimawagulitsa ngati machesi. Dalaivala akabwera n'kuyamba zoti galimoto yake aimanga, ndimamudula pakamwa asanatchule dzina la munthu, ndipo ena amati ndine wamwano. Anene. Chimene ndinaphunzira ndili mwana n'chakuti munthu akasowa chimene chamugwetsa sapirira kukhala osadziwa, amafuna nkhope yoti aiyang'ane. Ndipo nkhope imene amaipeza msanga si ya mdani, poti mdani amakhala kutali. Ndi ya amene wabwera kudzamudzutsa.

Kwathu munthu akamwalira timamuphikira sadaka, anthu n'kudya, mashehe n'kumupempherera kuti agone bwino. Abale anawauza bambo kangapo kuti tiwachitire azakhali, nkhani ithe. Bambo ankakana. Ankati anawathamangitsa kale ali moyo, sangawaikenso m'manda asanaone mtembo. Pamene iwo ankamwalira anandigwira dzanja n'kundiuza kuti achemwali akabwera ndiwapatse chipinda chawo. Sadaka ya bambo tinachita, mpunga unadyedwa. Ya azakhali mpaka lero sitinaphike, ndipo ine amene ndatsala wamkulu pabanja sindikudziwa ngati ndiwapempherere pamodzi ndi akufa kapena ndi amoyo.