Mabowo Khumi ndi Awiri Kumbuyo kwa Bokosi la Masipika

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza chifukwa cha kabati. Zinali zaka za m'ma 1970, ndipo ine ndinkapala matabwa pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Ngara, kukhoma timipando ndi makabati osungiramo chakudya. Namwino wina wa pa boma la Karonga anaitanitsa kabati imodzi. Nditakaitula pakhomo pake ndinapezapo bambo wina wamfupi, wamagalasi, akumukonzera wailesi. Bamboyo anasiya wailesi ija n'kuyamba kusisita ngodya za kabati yanga ndi chala.

"Wakhoma iyi ndani?"

"Ndine, adada."

"Nanga misomali ili pati?"

"Mulibe. Ndi mano olumikizira matabwa okhaokha ndi guluu."

Amenewo anali a Mbewe, munthu wa ku Dedza. Anagwira ntchito ya mawaya a lamya m'boma, ndipo atapuma sanabwerere kwawo, anatsegula kashopu kokonzera mawailesi pafupi ndi msika. Mawaya ankawadziwa, koma sowo inkawakana. Ankafuna munthu wowakhomera mabokosi a mawailesi ndi magalamafoni odyedwa ndi chiswe. Anandipatsa mwezi umodzi woyeserera. "Ukalakwa koyamba ndikuphunzitsa," anatero. "Kachiwiri, basi ya ku Ngara ukuidziwa." Mkazi wanga NyaMhango anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, ndipo ine, poti pakamwa panga sipachedwa, ndinali nditalengeza kale mudzi wonse kuti ndapeza ntchito ku boma.

Kulakwa koyamba ndinakuthera sabata yoyamba yomweyo. Pa tebulo panali ampulifaya, makina okuzira mawu, ya tchalitchi china, ya mavalavu, timabotolo tagalasi tija toyaka m'kati. Ndinaiyatsa kuti ndingoona kuwala kwake, sipika isanalumikizidwe. A Mbewe anadumpha mpando n'kuzula pulagi. Anandiuza kuti ampu ya mavalavu ikasowa kotulutsira mphamvu imadziotcha yokha thiransifoma, ndipo yoteroyo ku Karonga simungaipeze. Sanakalipe. Anangokweza chala chimodzi n'kubwerera pa ntchito yawo.

Kuchokera apo ndinkagwira zanga zokha: sowo, puleni, tchizulo, sikweya ndi chiboolera chopukusa ndi dzanja. Zawo zinali mita, pulayala, ndi chitsulo chosungunulira mtovu chomwe ankachiotcha pa pulayimasi, kachitofu ka palafini, magetsi a injini akathima. Tinkamvana bwino, ngakhale ankaseka Chichewa changa, ati ndimachiyankhula ngati ndikukoka ukonde.

Sabata yachitatu kunabwera a Efraimu Mwangosi, Mnkhonde wa cha ku Kaporo, amene anakhala zaka zambiri ku migodi ya ku Zambia. Tsitsi anali atawameta pa chipata polowa m'dziko, pakuti lalitali silinkaloledwa masiku amenewo, ndipo ankangodzisisita m'mutu ngati akufunafuna chotayika. Anabwera ndi gitala yamagetsi, ampu ya mavalavu, ndi kabokosi kachitsulo kopondera ndi phazi. Akakaponda, gitala inkaleka kulira bwinobwino n'kuyamba kubangula. Ife tinazolowera magitala osalala a pa wailesi za ku Tanzania, ndiye ndinaganiza kuti chinthucho chawonongeka. Ayi ndithu, ati ndiye kukoma kwake. Bokosi lawo la masipika linali litaphwanyika pa lole mu msewu wa ku Chitipa, koma masipika awiri anapulumuka. Gulu lawo linali litaitanidwa kukaimba pa ukwati wa mphunzitsi wina Loweruka lotsatira.

A Mbewe sankakhulupirira chinthu asanachimve ndi makutu awo. Anandiuza kuti ndiboole bowo la mainchesi khumi ndi awiri pa thabwa lalikulu, ndipo tinkamangirirapo sipika imodzi imodzi, kuyambira ndi zakale za m'shopu, a Mwangosi akuimba kachigawo komwekomweko. Yoyamba inali ya m'galamafoni yaikulu, pepala lake lotulutsa mawu lili lopyapyala, maginito ali aang'ono. Pa mawu otsika inkaimba bwino, koma atangoponda kabokosi kaja inayamba kuphwephwetera ngati chitini chong'ambika. Yachiwiri inachokera pa galimoto yoonetsa kanema m'midzi, ndipo pakati pake panali kachipewa ka chitsulo. Imeneyo inali yamphamvu, mawu a munthu inkawatulutsa mbee, koma kubangula kwa gitala inkakusandutsa chinthu chobaya m'makutu, mpaka mayi wogulitsa nthochi pakhonde anasamuka. Kenako tinaika imodzi mwa za a Mwangosi. Inali yolemera, maginito ake ngati mbale, pepala lake lokhuthala ndi la mizeremizere. Zobaya zija inazimeza, n'kusiya mawu apakati onenepa.

"Mwamva?" anatero a Mbewe. "Sipika ya gitala sifunika kunena zonse. Ifunika kudziwa zosiya."

Tsiku lomwelo anandionetsa kuyesa masipika ndi batire ya tochi. Ukagunditsa mawaya awiri ku batire, pepala limatuluka kunja kapena kulowa m'kati. Masipika awiri a m'bokosi limodzi ayenera kutulukira limodzi, apo ayi amalandana mawu ndipo kulemera konse kumatha. Anawayezanso pa mita. Iliyonse inali ya ma omu asanu ndi atatu pa muyezo wa magetsi, ndipo anawalumikiza motsatizana kuti akwane khumi ndi asanu ndi limodzi, monga ampu ija inkafunira.

Chotsala chinali bokosi. Tinayesa sipika ija m'bokosi lakale la tiyi, poyamba kumbuyo kuli pululu, kenako titatsekako ndi thabwa. Kukakhala kotsegula mawu ankamwazika m'chipinda monse, opepuka. Titatseka anasonkhana n'kumatuluka kutsogolo kokha, nsambo zikuluzikulu zikugunda ngati mtondo. A Mwangosi anadzimenya pachifuwa. "Apa, mwe. Ndikufuna izindimenya apa." A Mbewe anajambula miyezo pa pepala la thumba la simenti, n'kundipatsa pulayiwudi imodzi yokha yomwe anali nayo, yochokera ku Mzuzu. Anati kumbuyo nditseke. Lachinayi m'mawa ananyamuka kupita ku Chilumba kukakonza wailesi ya munthu wina.

Bokosi limenelo ndinalikhoma ndi mtima wanga wonse. Ngodya zonse mano, m'kati mtanda wolimbitsa, kutsogolo nsalu yakuda. Ndinamangamo masipika, n'kutseka kumbuyo ndi masikuluwu. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalako ku Karonga akudziwa kutentha kwake. Malata ankachita kuthetheka. Ndinakhala pansi n'kumaliyang'ana bokosi lija, mtima osakhazikika. Kwathu kunyanja chinthu sutsekera chopanda popumira. Kabati iliyonse yomwe ndinakhomapo inali ndi mabowo ndi sefa, apo ayi ndiwo zimasasa dzuwa lisanapendeke, zovala zimachita nkhungu. Ampu yomwe ija inali ndi timipata totulutsira kutentha. Ndinati m'mtima, a Mbewe ndi a kumapiri ozizira, za kuno sakuzidziwa bwino, masipika a eni akewa apsa muno. Ndinatenga chiboolera n'kuboola mabowo khumi ndi awiri kumbuyo, mizere itatu yoongoka bwino, n'kumata sefa m'kati kuti mphemvu zisalowe. Ndinakankhira bokosi kukhoma, n'kumadikira kuyamikiridwa.

Lachisanu masana a Mwangosi anafika ndi anzawo awiri a m'gulu. Anthu ochokera ku msika anaunjikana pakhomo, pakuti mbiri ya gitala yobangula inali itawanda. A Mbewe, amene anali atangobwerako ku Chilumba, analumikiza mawaya, mavalavu anatenthera, a Mwangosi anaponda kabokosi kaja n'kumenya nsambo yaikulu.

Kugunda kuja kunalibe. Mawu anatuluka owonda, otayirira, ndipo pansi pake pankamveka kaphokoso ka fuu, fuu, ngati munthu wachifuwa. Anamenyanso mwamphamvu, koma zinali zomwezo.

Ine ndinadziwa nthawi yomweyo. Sindingakunamizeni kuti ndinkakayika. Koma sindinaulule. Ndinkaganiza za NyaMhango ndi mimba yake, ndiponso za anthu a ku Ngara akundiona ndikutsika basi ndi bokosi langa la zipangizo.

A Mbewe anayamba ndi zawo. Anazimitsa ampu, anachotsa nsalu yakutsogolo, anagunditsa batire. Mapepala onse awiri anatulukira limodzi. Anayeza pa mita, zonse zinali bwino. Anasintha waya wa gitala. Anayatsanso, palibe chosintha. Munthu wamkulu anagwada pansi, magalasi akutsetsereka ndi thukuta, kufunafuna cholakwa chake chomwe panalibe, ine ndili chiimire pambali pake.

Apo a Mwangosi analeka Chichewa, anayankhula Chinkhonde ndi anzawo, kenako anatembenuka. "Bambo Mbewe, masipika awa si anga. Anga mwabisa, mwandiikira ena." A Mbewe anawauza modekha kuti ayang'ane okha mapepalawo. A Mwangosi sanamve. Anati anthu obwera ndi otero, anati akanena kupolisi ndi kwa wapampando wa chipani, ndipo mawu akuti wakuba anatuluka, pamaso pa anthu onse aja. Masiku amenewo dzina lako likangofika kwa wapampando, ngakhale pa nkhani ya nkhuku, tulo sunkaliona. A Mbewe anaimirira pang'onopang'ono.

Pamenepo m'pamene ndinasuntha. Ndinagwira bokosi lija n'kulitembenuza kuti kumbuyo kuloze kwa anthu.

"Ndaboola ndine," ndinatero. "Abwana anati nditseke. Ndimaopa kuti masipika apsa ndi kutentha."

Mmodzi wa anzawo a a Mwangosi anaphulika kuseka. "Watikhomera kabati ya ndiwo uyu." Anthu pakhomo anaseka nawo. A Mbewe sanaseke. Anayendetsa chala pa mabowo aja, limodzi limodzi, ndipo anandiyankhula ponditchula mfunda wanga, mwaulemu umene unandiopsa kuposa kukalipa.

"A Kondowe, chimene chimapuma ndi ampu. Bokosi ili ntchito yake ndi kugwira mpweya. Mpweya wotsekeredwawo ndi umene pepala limatsamira likamagunda. Inu mwautsegulira khomo."

Pulayiwudi ina panalibe, ndipo ukwati unali mawa lake. Ndinapempha maola awiri. Ndinasema zitsekero khumi ndi ziwiri za mtengo wa mlombwa, chilichonse chosongoka pang'ono, ndinazipaka guluu n'kuzikhomera m'mabowo, n'kuzisalaza ndi tchizulo. Poti ndinali nditamva tsopano chimene chikufunika, sindinalekere pomwepo. Ndinathamangira kwa asodzi kukapempha thonje ndi phula, n'kumata m'mphepete monse mwa thabwa lakumbuyo monga atate anga ankamatira boti kuti lisalowe madzi. A Mbewe anabwera kudzayesa. Anakankha pepala la sipika imodzi pang'onopang'ono ndi zala, ndipo la inzake linatukumuka lokha. Mpweya unalibenso kothawira.

A Mwangosi atamenya nsambo ija kachiwiri, zitini za masikuluwu pa shelefu zinayamba kuvina, ndipo ndinakumva kugundako m'nthiti. Anaimba nthawi yaitali atatsinzina. Atatha analipira, ananyamula bokosi lawo ndi anzawo, n'kutuluka akuyamikira mawu ake. Za wakuba zija sanazibweze. Mwina anaiwala, mwina anachita manyazi, sindikudziwa.

Ndinayamba kulongedza zipangizo zanga ndisanauzidwe. A Mbewe anakhala pa mpando wawo akupukuta magalasi.

"Mabowowo si kanthu," anatero. "Unaganiza molakwa, koma unaganiza. Chimene ndikufuna undiuze ndi ichi: unadziwa liti?"

"Atangomenya koyamba, abwana."

"Ndiye unandisiya ndigwade pansi, mpaka anditchule wakuba."

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso pena paliponse. Kenako a Mbewe anati ndibwezere zipangizo pamalo pake, Lolemba pali galamafoni ya a sisitere yofuna bokosi.

Ndinakhala nawo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mwana amene NyaMhango anali naye m'mimba uja anakulira pa ntchito imeneyo. Koma anthu amene anali pakhomo tsiku lija sanapite kwawo ndi nkhani ya mabowo yokha. Ena anachoka ndisanatembenuze bokosi, ndipo anapita ndi mawu oyamba aja. Kwa miyezi ingapo mawailesi anachepa pa tebulo. Mayi wina anabwera kudzatenga yake isanakonzedwe, ati wamva kuti pano amasintha zitsulo. A Mbewe anamupatsa mwaulemu, ine ndili pomwepo ndi puleni m'manja, ndipo sanandiyang'ane n'komwe. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Mabokosi a masipika ndakhoma ambiri kuchokera apo, a magulu oimba ndi a matchalitchi, otseka ndi otsegula kumbuyo, monga mwini wake wafunira. Ndikafuna kusintha kanthu pa muyezo ndimayamba ndafunsa. Ndipo chinthu chikalira molakwika, dzanja langa litapitapo, ndimanena nthawi yomweyo, wina asanayambe kugwada pansi. A Mbewe anamwalira osanditchuliranso za tsiku lija, ndipo ine sindinapeze mpata wowapepesa bwinobwino.